Ali Maso Ndani?

Ndanyika mpunga womaliza m'mbale ya mkuwa,
ndaupera pamwala mpaka wayera ngati mkaka,
ndipo ndagwada, chala m'mbale,
kujambula timapazi tanu kuyambira pachipata.
Tonse taloza m'kati.
Chaka chatha mwana wanga Jhumur analozetsa kamodzi kunja;
mwezi usanathe fakitale ya masaka inatseka,
Nitai nabwera chakumasana, chitini cha nkhomaliro chosatsegula.
Mwanayo sindinamukalipire.
Koma chaka chino ndajambula ndekha.

Akuti usiku uno, mwezi uli wathunthu pamwamba pa Hooghly,
mumayenda khomo ndi khomo muno mu Chandannagar
mukufunsa: ali maso ndani?
Lakshmi, ndine.
Kuchezera ndinaphunzira kale, ngongole ndiyo inandiphunzitsa.

Ndimakuonani pa kalendala ya m'sitolo ya a Saha,
pamwamba penipeni pa kabuku kamene muli dzina lathu.
Manja anayi, palibe lofumbata.
Golide amayoyoka pachikhatho chanu
mpaka pepala kuthera,
ndipo ndayang'anapo pansi pa kauntala, osapezapo kanthu.
Njovu ziwiri zimakutsirani madzi ndi zitamba;
ife denga limatitsira lokha.

Komabe duwa limene mwakhalapo ndimalidziwa.
Ndili mtsikana ndinkalowa m'dziwe kukathyola,
matope mpaka m'ntchafu, misundu pamiyendo,
ilo mbee! pamwamba, osadetsedwa ngakhale pang'ono.
Mpando wanu mizu yake ili kwathu kuno.

Ndi kadzidzi wanu woyera uja, wokhala chete kumapazi,
amene amaona pamene ena akuti kwada,
amene amatola makoswe asanaboole thumba.
Mukatanganidwa kwa eni nyumba zosanja,
tumizani iyeyo, atikwanira.

Nyale yatsala mafuta a chala chimodzi.
Jhumur wagona chokhala, kokonati ali pamilomo.
Kwinakwake akuliza chigoba cha nkhono, kenaka zii.

Gogogo pachitseko.
Si inu.
Ndi Tapasi wa kuseri, mwana kumbali, kambale m'manja,
akuti kwawo sikunafuke utsi chiyambire dzulo.
Ndamugawira theka la zomwe ndinakuikirani.

Atapita ndatsitsa nyale kuona pansi:
waponda timapazi tanu tisanaume,
ndipo phazi lake, loyera ndi mpunga,
ladinda kuchokera pakhomo mpaka pakati pa nyumba.