Likhweru la Pathanthwe

Ndimaswa miyala kuseri kwa Jos.
Usiku timayatsa matayala akutha pamsana pa thanthwe,
kukacha lang'aluka lokha ngati chidendene cha m'chilimwe,
kenako nyundo, nyundo, nyundo,
mpaka phiri likwane m'ndowa,
ndowa zikwane mu lole,
lole ikamange nyumba zomwe sindidzagonamo.

Mpamene ndinakadziwira kampheta kofiira.
Kakhoza kubisala kuseri kwa mutu wa nyundo yanga.
Msana wake ngati khala loiwalika paphulusa,
kamadumpha m'ming'alu kutola njere za udzu,
ndipo kuimba kwake sikungadzutse ngakhale khanda:
timawu titatu, tinayi,
kupuma,
ngati munthu wowerenga ndalama zoperewera.

Chaka chatha, mphepo ya fumbi ya kuchipululu itang'amba milomo yathu,
kunabwera Nanret, mtsikana wa ku yunivesite,
ndi ukonde wopyapyala ngati utsi.
Anakakola, n'kukayeza m'kathumba,
n'kukaveka kamphete kumwendo, n'kukataya kumwamba.
Kenako analoza ina, yakuda bii, yonyezimira,
itakhala pansonga ya mtengo wouma.
"Bambo Choji, tcherani khutu."

Inkaimba nyimbo ya kofiira kaja.
Yonse. Ndi kupuma komwe.

"Mayi wake sadziwa kuluka chisa," anatero.
"Amaikira dzira m'nyumba ya kofiira n'kuuluka.
Mwanayo amayasama pamodzi ndi ana a eni,
sagwetsa mnzake, amangodya nawo,
nthenga zimamera za kwawo,
koma nyimbo ndi ya amene anam'dyetsa."

Ndinaseka kuti asaone nkhope yanga.

Kachollom anabwera kwa ine ndi khanda kumbuyo.
Abale anga anati ndalowa m'munda wolima wina,
alongo anga anawerenga miyezi pa zala, mokweza, pamaliro.
Dachung lero wandipitirira msinkhu.
Mphumi yake ndi ya dalaivala wina wa ku Bauchi
amene sanatumizepo ngakhale sopo.
Sindinam'phunzitse kanthu mwanayu.
Ndinkangobwera madzulo, fumbi mpaka m'nsidze,
n'kum'gawira phala la acha pa supuni yanga,
ndikuliza likhweru chifukwa msana unkawawa.

Dzino ili linachoka ndi kamwala kothamanga
zaka zambiri zapitazo,
ndiye likhweru langa limadontha mpweya pakati,
limatsimphina, fyoo, lisanakwere.

Lachiwiri ndinalimva kuseri kwa thanthwe
ine kukamwa kuli chitsekere.
Ndinazungulira mwakachetechete.
Dachung, ndowa pamutu, mano onse ali m'malo,
akutsimphinitsa nyimbo pamalo pomwepo,
kudontha mpweya umene iye alibe chibowo chake.
Ndinakhala pansi.
Ndinati mwala walowa mu nsapato.

Tsono mwini lole wapaka penti pathanthwe la kum'mawa.
Akufuna maulendo asanu ndi limodzi mwezi usanathe,
fizi ya Dachung ili m'kati mwa mwala umenewo,
mankhwala a chifuwa changa alinso momwemo.
Koma m'tsinde mwake, mu udzu wa pamng'alu,
muli kampira ka udzu wouma kokhala ndi khomo pambali.
Ndinasuzumira: tikamwa tinayi tofuna chakudya.
Kaya onse ndi a eni, kaya mmodzi ndi mlendo,
ndayang'ana kawiri, sindikusiyanitsa.
Kofiira nakonso sikafunsa.
Kamangobwera ndi njere.

Dzulo madzulo mnyamata anakunkhuniza matayala awiri
kukwera nawo mtunda, machesi m'thumba.
"Bambo, tiyatse?"
Ndinagwira thanthwe ndi chikhato,
lotentha, louma ngati fupa.
"Lanyowa," ndinatero. "Silingasweke bwino. Tidikire sabata ziwiri."

Anayang'ana kumwamba kopanda mtambo,
anayang'ana ine,
n'kukhala pa tayala.
Kenako, osafunsanso kanthu,
anayamba kuliza likhweru lija.