Losasesa Njira Yake

Asiyatu wabwera ndi nkhani kuchokera ku Chanco,
mabuku atanyowa ndi mvula ya pa Mulunguzi.
Akuti, Malume, lija munaliloweza pa nambala naini,
lakumapeto lija, Pluto,
analifufuta kalekale m'kaundula.
Pano amangolitcha kadziko.

Ndinafunsa: linalakwanji?
Akuti n'lobulungira ndithu,
dzuwa limalizungulira osajomba,
koma silinasese njira yake.
Miyala ya ayezi ili mbwee m'mene limadutsa.

Ndinaseka mpaka kutsamwa.
Ine ndinasesa zaka khumi ndi zinayi
makonde a maofesi a boma kumtunda uko,
tsamba silinagonepo ndi limodzi lomwe,
koma likulu linapita basi.
Malole anabwera m'mamawa,
ananyamula makabati, mafailo, wotchi yapakhoma,
ngakhale mpando wothyoka wa a Chikwekwe.
Ife anatisiyira misomali
ndi nkhungu yotsika ku Chawe.

Nanga iko kakudziwa?
Asiyatu akuti kuwala kwa dzuwa
kumatha maola asanu n'kanthu kusanafikeko,
ndiye kalata ya komiti ingafike liti.
Akuti chilipezereni anthu,
sikanamalize chaka chake n'chimodzi chomwe.
Kupatsidwa udindo, kulandidwa,
zonse chaka chomwecho.
Ndinati, zimenezo ndiye za boma.

Anandionetsa chithunzi pa foni yosweka galasi:
kanthu kofiirira ngati mbatata ya pa Mpondabwino,
pachifuwa pali chigamba choyera.
Akuti ndi mtima.
Ine ndinaona chigamba.
Jekete langa la umesenjala lili nacho chotero,
anasoka malemu mayi ake a Yusufu
chaka chimene anatidula ntchito.

Usiku magetsi atathima ku Chikanda
ndinatuluka ndi ndodo,
kuyang'ana pamwamba pa phiri.
Mwana uja anakuwa ali m'nyumba:
Simukaona, Malume, n'kutali, lowani mungazizidwe!
Ndikudziwa.
Ngakhale wa pa basi ya ku Lilongwe
akamadutsa kuno amakhala ali m'tulo,
koma Mulunguzi sasiya kutsika,
ana amagulitsabe sitiroberi m'timbale,
kabaza amalizabe belu pa Matawale.

Ndinaima pomwepo mpaka mawondo atadandaula.

M'mawa ndinatenga tsache monga mwa masiku onse,
ndinasesa khonde, ndinasesa kuseri,
koma kanjira kopita kumsewu
ndinakasiya ndi masamba ake.