Ngodya Zinayi

Pakhonde la sitolo, moyang'ana msewu wotsikira ku Mpondabwino,
ndatha zaka makumi awiri diso limodzi lili chitsinzinire,
linalo m'kagalasi,
ndikutumbula mawotchi ozungulira ngati makobidi.
Ambiri ndi a batire. Ukasintha, mwasiyana.

Lachiwiri, nkhungu itameza mapaini a m'phiri,
Mayi Nakhumwa a ku Sadzi anamasula kampango ka mfundo ziwiri
nandiyikira pathebulo kachitseko kagolide.
Kachitseko ndithu: kotalikirapo, kopapatiza m'mbali,
kopyapyala koti n'kubisala m'buku la nyimbo.
"Ya malemu," anatero. "Mwana akukwatira Loweruka."

Che Aufi, telala woyandikana nane, anasiya kupalasa makina.
"Wotchi yanji ya ngodya?
Dzuwa n'lozungulira, mwezi n'ngozungulira,
ngakhale njala imazungulira n'kutipeza Januwale."
Sindinayankhe. Ndinali nditaigoneka kale m'chikhato.

Amene anaijambula anali munthu wodziletsa.
Sanaikemo tsiku, sanaikemo mwezi,
kamuvi kaphuma kowerenga masekondi anakamana malo.
Mivi iwiri basi, yakuda monyezimira ngati phiko la namzeze,
pankhope yoyera ngati pepala la ku Pulinti lisanadindidwe.
Manambala achiroma atsamira makoma,
a kumapeto atasolola makosi
ngati ochedwa kutchalitchi osuzumira pazenera.

Miviyo imasesa bwalo m'chipinda cha ngodya zinayi,
mwana waulesi wa tsache lalifupi,
ndipo m'ngodyamo nthawi siifika.
Ndinayang'anamo nthawi yaitali.
Munthu angathe kupumiramo.

"Anali womasulira kukhoti," mayiwo anapitiriza osafunsidwa.
"Anaigula kwa loya wina womira m'ngongole,
kulipira miyezi khumi ndi umodzi.
Miyezi yonseyo matemba a ku Chilwa tinkadya opanda mafuta.
Chondiwawa, sankaionetsa n'komwe.
Inkalowa pansi pa mkono wa malaya ngati kalata pansi pa chitseko,
n'kutuluka pokhapokha akakweza dzanja kuti mboni ilumbire.
Amvekere, chokongola sichikuwa pamsika.
Ine ndinkadana nayo, bambo, ngati mkazi mnzanga."

Ndinatsegula kumsana kwake.
Ena amanama, amaika mtima wozungulira m'thupi la ngodya
n'kutseka mipata ndi pulasitiki.
Iyi ayi. Mkati mwakenso munali mwa ngodya,
timagudumu titapanikizana mwaulemu,
aliyense pampando wake,
palibe danga loti nyerere n'kutembenukirapo.
Sinafe. Mafuta okha ndiwo anauma, zaka zisanu ndi ziwiri m'sutikesi.
Ndinatsuka, n'kudontheza atsopano ndi nsonga ya singano,
n'kupotokola kamutu ka m'mbali kakhumi.

Inayamba motsitsa, ngati munthu wotsokomola asanalankhule.
Minibasi za ku Chinamwali zinkaitanira, mvula ili waa pamalata,
komabe Che Aufi anabweretsa khutu lawo
n'kukhala chowerama mpaka tiyi wawo anazizira.
Podzuka anati, "Mnyamatayo abwere ndimuyeze.
Mkono wa jekete ufupike pang'ono, chala chimodzi,
golideyu azingosuzumira, asamatuluke yense."

Lamba anali wachikopa chakuda, wosweka ngati chidendene cha m'chilimwe,
bowo lachitatu litakula ndi thukuta la mwini wake.
Mayi Nakhumwa anaikulunga padzanja lawo lowonda.
Inatsetsereka mpaka pafupi ndi chigongono.
Anaibweza, naikhazika pafupa,
m'mbali mwake mowongoka mutagwirizana ndi mitsempha
ngati kuti anayezera iwo.
Anaiyang'ana monga amayang'anirana anthu
amene anakangana kalekale, chifukwa chake n'kuiwalika.

"Boolani bowo lina, kuno mkati."

Ndinati, nanga mkwati?

"Abwereka Loweruka lokha.
Theka la wotchi iyi ndinalipira ndine, ndi ndiwo zosakazinga."

Ndinatenga chobowolera.
Inali itangokwana kota pasiti leveni,
muvi wautali utaloza khoma, osalikhudza.