Mzere wa pa Khoma

Mwezi ukatha amandipatsa kaundula ndi rula,
ine kalaliki wa chipinda chakumapeto
chomwe zenera lake limayang'ana msewu wa ku Luwinga.
Ndimawerenga mitu ngati wogulitsa kabichi ku Zigwagwa:
amuna angati, akazi angati, angati apezeka nako.
Kenako ndimajambula mzere pa khoma.
Chaka chino mzerewo ukutsetsereka,
abwana anaomba m'manja, tinamwa zoziziritsa kukhosi zofunda.

Koma rula samudziwa Fumbani.

Fumbani amapalasa kabaza kuchokera ku Chibavi,
mvula yowaza pamsana, jekete la pakaunjika.
Anabwera Lachiwiri, nadikira mpaka benchi itatsala yokha.
Namwino atafunsa kuti, "Mumagona ndi ndani?"
anayang'ana chitseko chathu chosatsekeka bwino chija
nati, "Ndi mkazi wanga."
Sananame. Mkazi alipo, NyaMhango, mimba ya miyezi isanu.
Anangosiya theka la yankho panja pamodzi ndi njinga.
Theka limenelo ndine.

Kale tinali ochepa odziwana,
kuseri kwa bala ina ya ku Chiputula
kumene Suzgo ankafika ndi chikwama cha mwana wasukulu
chodzaza makondomu ndi timapaketi ta mafuta,
akutitukwana kuti tisafe ngati nkhuku za chitopa.
Ndalama za ntchito yake zinauma.
Suzgo ali ku Joni, akupenta nyumba za eni.
Lero anyamata amapezana pa foni,
chithunzi chopanda mutu, dzina lobwereka,
kanthawi kochepa m'chipinda cha lendi ku Mchengautuwa,
ndipo pakhomo palibenso wachikwama.
Wina wongolemba kumene mayeso a folomu folo
anandifunsa usiku ngati n'zoona
kuti kachilomboka kamachokera kwa akazi okha.
Ndinalemba yankho, ndinafufuta,
ndinalembanso mpaka batire litatha.

Mapiritsi oteteza alipo, ndine ndimawawerenga.
Ali mu kabati ya loko, mapazi asanu kuchokera pampando wanga.
Kuti uwatenge uyenera kutchula chifukwa,
ndipo namwino wathu amaimba kwaya imodzi ndi mayi anga.

Zotsatira za Fumbani ndinazilemba ndi dzanja langali.
Timizere tiwiri. Inki sinanjenjemere,
ndine ndinanjenjemera, pambuyo pake, kuchimbudzi,
mpopi ndi wotsegula kuti asandimve.
M'kaundula wakhala m'bokosi la "mwamuna wokwatira,"
bokosi lalikulu, lofunda, lopanda mafunso.
Bokosi lathu kulibe.
Ndiye tikachuluka kapena tikachepa adziwa ndani?
Mzere uzingotsika, ife tili kunsi kwa pepala
kumene misomali imagwira khoma.

Madzulo anandiperekeza osalankhula,
nkhungu itameza Katoto, unyolo ukulira.
Pa mtunda anatsika, tinakankha njinga tonse awiri.
"NyaMhango ndimuuza bwanji?"
Ndinati umuuze mwana asanabadwe, sikelo ili Lachinayi.
"Nanga iwe?"

Loweruka ndikwera minibasi ya ku Ekwendeni
kumene palibe wodziwa mayi anga.
Ndikatambasula chala kwa mlendo,
ndipo akandifunsa funso lija
ndikayesa kulowa nalo lonse yankho,
osasiya kanthu panja.
Kalaliki wa kumeneko akasowe pondilemba,
akatembenuze tsamba, akajambule bokosi ndi rula wake.