Musakhudze

Tinapitira mthunzi, ndisaname.
Linali Loweruka la mu Okutobala ku Bangula,
dzuwa lija loti ndi mbuzi zomwe zimaleka mkangano,
ndipo Jowakina anali atamva kuti m'nyumba yakale yosungiramo thonje
apachikamo zojambula, kulowa n'kwaulere,
komanso muli fani.

Fani inalimodi. Magetsi ndiwo kunalibe.

Dumingu anatsamiritsa kabaza wake pamtengo wa nimu
nati: mphindi khumi basi, pasiteji akundidikira.
Ine ndinalemba mayina athu m'buku la alendo
ndi cholembera chomangidwa pachingwe
ngati chinathawapo kale.

Choyamba chinali mvuu yobiriwira.
Tinaseka mpaka mlonda anatsokomola.
Yadya mapira a yani imeneyi? anafunsa Dumingu.

Kenako odula nzimbe, nkhope zopanda maso,
phulusa lokhalokha, zikwanje zili waliwali.
Jowakina, amene anadulapo zaka ziwiri ku Nchalo,
anapendeketsa mutu ngati akumvera wailesi ya kwa aneba
nati: wojambulayu chikwanje sanachigwirepo,
koma msana akuudziwa.

Panali china chimene chinatikanika tonse:
mizere itatu yofiira, kadontho kakuda pakona.
Ine ndinati ndi njanji yokokoloka.
Jowakina anati ndi ngongole.
Dumingu anati utoto unangomuthera munthuyo.

Kumapeto, kumene fungo la thonje silinasamukebe,
kunali chitseko.
Osati chojambulidwa ayi, chitseko chenicheni
chopanda nyumba,
atachiimika panjerwa ziwiri.
Madzi osefukira anasiyapo mzere wawo wa matope
pamwamba pang'ono pa chogwirira,
ndipo kuyambira pamzerewo wina anapentapo akakowa,
ting'onoting'ono, toyera mbee,
tikuulukira kumene kunali denga.

Kapepala kanati: Ferista Semba.
Chotola mubango ku Mtayamoyo.
Ndi mtengo wake, wokwana njinga zitatu zatsopano.

Dumingu sanaseke.
Ananjuta, thukuta likudontha pasimenti,
maso ali m'munsi mwa thabwa lachiwiri
pamene panali kanjinga kokanda ndi msomali,
tayala lina lalikulu, lina ngati ndalama,
kopanda tcheni, kopanda wokwera.

Anandikwapulira kameneka, anatero,
osati kwa ife, kwa chitsekocho.
Ndinali sitandade wanu. Ku Makhanga.

Dzanja lake linanyamuka lokha
monga limachitira dzanja la munthu wofika kwawo usiku.

Achimwene, anatero mlonda, mwaulemu ndithu,
musakhudze.

Ndinamva Jowakina akukoka mpweya,
ndipo ndimaudziwa mpweya umenewo,
unathamangitsapo kapitawo m'munda wa nzimbe.
Mayi ake a Dumingu lero amatseka pakhomo
ndi thumba la feteleza, kumtunda kumene anawasamutsira,
ndipo izi Jowakina anali nazo kale palilime.
Koma Dumingu anamugwira pachigongono.

Musiye, ali pantchito.
Komanso taona, chili pouma.

Tinaimabe pamenepo nthawi yoposa mphindi zake khumi zija.
Malata ankatheka ndi kutentha pamwamba pathu.
Ndinayesa kuwerenga akakowa, ndinasokonezeka pa sate,
ndinayambiranso.
Palibe anafunsa kuti Ferista Semba ali kuti,
kaya ndi wakuba, kaya ndi wopulumutsa,
kaya mtsinje ukakulanda chinthu n'kupatsa wina
mlandu wake amaweruza ndani.

Potuluka, dzuwa linatimenya mbama ngati tinalinamiza.
Tinagula madzi a m'majumbo, atatu, ofunda.
Dumingu anabwerera m'kati, akuti waiwala chipewa,
chikhalirecho chipewa chili kumutu.

Ndinamutsatira mpaka pabuku la alendo.
Pamalo a ndemanga, pamene ena analemba
zokongola, pitirizani, Mulungu akudalitseni,
iye analemba pang'onopang'ono, chingwe chikumukoka dzanja:

Chimavuta nthawi ya mvula.
Muzichinyamula pang'ono, kenako n'kukankha ndi bondo.