Mphonje ya Mthunzi

Ku Chilenje madzi amabwera usiku wa manda,
ndiye tinali pampopi, ine ndi Tikambenji,
zigubu zitatu, magetsi atathima chidzulo,
agalu a kwa a Njobvu akuuwa mphepo.

Anati, Amayi, taonani mwezi.
Ndinayang'ana. Mwezi basi.
Ayi, onetsetsani cha pamwamba pakepo.
Ndipo zoona, mbali imodzi inali itazilala pang'ono,
ngati mbale yoyera
imene wina waigwira ndi chala cha makala.

Si kadamsana woti anthu n'kuimba zitini,
kapena kukagogoda kwa abusa.
Mwezi sunafiire. Alonda a pagalaja sanadzuke n'komwe.
Wangokhudza mphonje ya mthunzi wathu, anatero,
mkatimo sunalowe.

Ndipo umabwerera, Amayi.
Zaka khumi zisanu ndi zitatu,
masiku khumi ndi limodzi,
maola asanu ndi atatu pamwamba.
Anawerenga chobwerera pa zala zake zonyowa
mpaka anakaima pa tsiku limene ndinamubala.

Tsikulo mwezi sindinauone ine.
Ndinaona denga la kiliniki, banga la mvula pakona,
ndinamva nsapato za nesi zikulira pasimenti.
Kunali kutangoda kumene.
Bambo ake anali panja, akuzungulira mtengo wa mango
ndi fulasiki ya tiyi m'khwapa.
Kaya anakweza maso, kaya.
Tikawafunse kuti? Agona ku Chingwere,
chaka chachisanu chino.

Nanga ukadzabweranso? ndinafunsa.
Udzachedwanso maola ake omwewo,
udzatipeza masana, dzuwa lili phwee,
mabasi akukanganirana anthu ku Kulima Tower.
Adzauona ena, kutsidya kwa nyanja.
Ife tidzangokhala m'mthunzi wa ambulera,
osadziwa kanthu.

Anaseka. Ine ndinawerenga zanga chamumtima:
iye adzakhala ndi zaka zimene ndili nazo lero,
kuchotsapo ziwiri.

Basi ya ku Kitwe inyamuka sikisi koloko.
Sutikesi ili kale pakhomo, yomanga ndi lamba wa malemu.
Mawa nyumba idzakhala yomweyo,
mipando yomweyo, katani yemweyo,
oyandikana nawo sadzaona kusintha.
Idzangozilala mbali imodzi.

Chigubu chinadzaza, madzi n'kuyamba kutayika,
kuyenda m'ngalande ndi kamwezi kake.
Palibe anatseka mpopi.
Tinali chiimire, makosi atawawa,
kudikira kuti chala chija chichoke.