Kadontho ka Buluu

Ku Kanyama misewu yambiri ilibe mayina.
Amakuuza kuti: ukafika pa mpopi wouma
ukhotere kumene kukulira chigayo,
ufunse mwana aliyense za a Fakisoni owotcherera mageti.
Ine ndimaperekera anthu katundu pa njinga yamoto,
foni ili m'thumba la pachifuwa,
khutu lili tcheru.

Imamvetsera nsanja zofiira ndi zoyera
zoima pamwamba pa malata ngati akakowa,
imamvetsera mawaifai odontha m'mazenera,
“Gula Yako”, “Mulungu Salephera”, “Amake Juniya 2”,
n'kukanong'oneza mapu akutali kuti
dzina ili ndalimva pano, pa ngalande iyi, Lachiwiri masana.
Si yanga yokha.
Ya kondakitala wa basi ya ku Chawama,
ya namwino woweruka m'bandakucha,
ya mnyamata wokankha wilibala ku Soweto,
zonse zimasonkha, monga pamaliro,
aliyense kangachepe,
mpaka kadontho ka buluu kadziwe pamene waima.

Lachisanu lija mvula inadzaza njira.
Ndinali ku Kanyama, madzi m'mawondo,
phukusi la mankhwala kumsana,
kadontho kanangoti jowi!
kudumpha tauni yonse, njanji, Kairo Rodi,
kukatera ku Mtendere
pa nyumba ya chitseko chobiriwira
imene tinkachita lendi ine ndi Enelesi.

Ndinazimitsa injini.
Pa mndandanda wa mayina, lachitatu kuchokera pamwamba,
timizere tiwiri tokha:
“Yotamu na Ene”.

Kabokosi kaja tinagula ku Kamwala, ndalama yogawana pakati.
Tsiku lochoka anakanyamula
pamodzi ndi mbaula ndi nsalu za m'mazenera.
Zaka ziwiri sindinadziwe kumene analowera,
lero kakuphethira kuseri kwa umodzi mwa mipanda iyi,
kakuuzabe aliyense wodutsa
kuti pano ndi pa Mtendere.
Dzina sanasinthe.
Kaya anaiwala. Kaya anagulitsa kwa munthu
amene sadziwa kuti Yotamu ndani.

Sindinagogode paliponse.
Mankhwala anali kudikiridwa.

Koma ndinayamba kudzera njira imeneyo,
ngakhale yotalika, ngakhale mafuta akwera,
kuti mapu andinamize pang'ono,
andibweze kwathu kwa mphindi imodzi
ndili chiimire m'matope a eni.

Mafoni sasunga chinsinsi.
Anadutsa ogulitsa makala, ana a sukulu,
azimayi a kwaya, wowerenga mamita a madzi,
aliyense osadziwa akuchitira umboni:
ayi, dzinali tikulimva ku Kanyama.
Mvula isanathe mlandu unagamulidwa.
Dzulo ndaima pomwe paja,
kadontho kali phee pansi pa matayala anga,
kolondola, kopanda chisoni.

Ndipo mwa mboni zonse zija
imene inabwera kawirikawiri,
m'mawa ndi madzulo, osaphonya,
inali m'thumba langa lomwe,
pamwamba penipeni pa mtima.